Foni ikukana kutsegula webusaiti, kodi yalowa vairasi?

FUNSO: Akulu, ndine mtsikana wa ku Chibavi kuno ku Mzuzu, ndikusaka ntchito. Bungwe lina lalengeza ntchito ndiye akuti tilembe fomu pa webusaiti yawo, koma ndikatsegula pa Chrome foni ikukana, ikulemba kuti "doesn't support a secure connection". Ndinapita pa cafe ku Katoto, kumeneko inatseguka koma pamwamba palembedwa "Not secure". Fomuyo ikufuna nambala ya ID, chithunzi cha setifiketi ya MSCE ndi nambala ya foni. Kodi foni yanga yalowa vairasi? Ndilembe kapena ndisiye? Tsiku lotseka layandikira, chonde ndithandizeni.

YANKHO: Achemwali, mtima pansi, foni yanu ilibe vairasi ndipo si nkhani ya bando. Vuto lili kwa eni webusaitiyo. Adiresi yawo ikuyamba ndi http osati https, ka s kakumapetoko ndi komwe kamasonyeza kuti zomwe mukulemba zikubisidwa zisanachoke mufoni mwanu mpaka zikafike kwa eni ake. Popanda ka s, zonse zimayenda poyera ngati kalata yosamata yomwe mwapatsira kondakitala wa minibasi kuti akasiye ku Ekwendeni, aliyense amene yadutsa m'manja mwake atha kuwerenga ngakhalenso kusinthamo mawu. Pa intaneti anthu amenewa ndi monga mwini WiFi kapena wina amene walumikiza pa WiFi yomweyo.

Chrome inayamba kulemba "Not secure" pa mawebusaiti onse a http mu July 2018, ndiye zomwe munaona ku Katoto zija si zachilendo. Foni yanu yangowonjezera ukali chifukwa mu Settings, pa Privacy and security, muli ka switch kotchedwa "Always use secure connections" ndipo kanu nkoyatsa. Musakathimitse, kakugwira ntchito yake.

Choyamba yesani kulemba nokha https:// kutsogolo kwa adiresiyo, mawebusaiti ena amakhala ndi zonse ziwiri kungoti linki yomwe ikuzungulira pa WhatsApp ndi yakale. Zikakanika, kungowerenga chabe zomwe akufuna pa ntchitoyo palibe vuto lalikulu, dinani "Continue to site" muwerenge. Koma ID ndi setifiketi ine sindingakulangizeni kuziika pamenepo ayi, makamaka pa kompyuta ya pa cafe yomwe pamakhala anthu osiyanasiyana tsiku lonse, chifukwa munthu akakhala ndi nambala ya ID yanu, dzina ndi nambala ya foni ali ndi zokwanira zoti akuyimbireni nkumadzitcha wa ku ofesi inayake inu nkukhulupirira. Ayimbireni a bungwelo muwafunse imelo kapena ngati mungakasiye envulopu pamanja, ndipo muwauze chifukwa chake.

Zimandiwawa kuona bungwe likutolera ma ID a achinyamata osaka ntchito pa webusaiti yotere, pomwe bungwe lotchedwa Let's Encrypt lakhala likupereka masetifiketi a https (chiphaso chomwe webusaiti imafunika kuti ikhale ndi ka s kaja) mwaulere kuyambira kumapeto kwa 2015. Wokonza webusaiti wodziwa ntchito yake sangathe tsiku lathunthu akuikapo.

Komanso musamati poti pali https ndiye kuti eni ake ndi achilungamo. Akuba nawonso amatenga setifiketi yaulere yomweyo, nchifukwa chake mu 2023 Chrome inachotsa kachizindikiro ka loko kaja, anthu ankakatenga ngati umboni woti webusaiti ndi yodalirika. Akakuuzani kuti mutumize kaye ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti akuitaneni ku intavyu, asiyeni, kaya pali s kaya palibe.

FUNSO: Ndili ndi kashopu ka printing ku Luwinga. Magetsi akazima nkubweranso, desktop yanga ikumakana chilichonse, ngakhale Google ndi Facebook, ikuti "Your connection is not private". Laputopu pa WiFi yomweyo ili bhobho. Makasitomala akubwerera, nditani?

YANKHO: Achimwene, yang'anani deti pakona ya sikirini, ndikukhulupirira mupeza kuti kompyuta yabwerera zaka zambiri m'mbuyo. Setifiketi iliyonse ya https ili ndi tsiku loyambira ndi lothera, ndiye wotchi ikasokonekera browser (pulogalamu yotsegulira mawebusaiti ngati Chrome) imaona ngati masetifiketi onse ndi osayenera nkutseka zonse, nthawi zambiri pansi pamalembedwa NET::ERR_CERT_DATE_INVALID. Konzani deti ndi nthawi, muyatse zoti izidzikonza yokha, zitseguka pompo.

Chomwe chikuchititsa ndi kabatire kozungulira ngati kobiri kamene kali pa motherboard (bolodi lalikulu la mkati mwa kompyuta), kotchedwa CR2032, ndi komwe kamasunga nthawi kompyuta ikazima ndiye kanu katha mphamvu. Kamapezeka kwa okonza mawotchi ndi m'mashopu a zamagetsi mtauni, zimitsani kompyuta, zulani pulagi, tsegulani chivundikiro musinthe. Ngati deti ili bwino koma chenjezolo likubwera pa webusaiti imodzi yokha, ndiye kuti setifiketi ya eni akeyo ndi yomwe yatha kapena ili ndi vuto, pamenepo musalole kasitomala kulowetsa password mpaka atakonza.