Fungo lopserera m'galimoto potsika mtsetse, vuto limakhala chani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena aku Luchenza, aphunzitsi. Akuti ali ndi Sienta ya otomatiki, amapita nayo kumudzi ku Thekerani kamodzi pa mwezi, ndiye akangodutsa Makwasa kumitsetse kuja m'galimoto mumayamba kumveka fungo ngati china chake chikupserera. Pa dashibodi palibe getsi lomwe likuyaka, komanso akamayenda Luchenza-Limbe fungolo kulibe. Funso lawo ndi loti, "achimwene, galimotoyi siyaka moto ndili ndi ana m'katimo?"

Achemwali, mwachita bwino kunena malo amene fungolo limayambira, chifukwa yankho lili pompo. Anthu ambiri amangofika ku garaja nkuti "ikununkha", basi, makaniko nkuyamba kumasula zinthu zabwinobwino.

Ine ndikuti ndi mabuleki. Msewu umenewo ndimaudziwa, makona okhaokha komanso mitsetse yaitali, ndiye munthu wa otomatiki amangosiya giya pa D phazi lili pa buleki kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ma pad, tizipangizo tija timafinya disiki ya tayala kuti galimoto iime, akugwira disikiyo osapuma, amatentha mpaka kuyamba kupsa, fungo lake limakhala lowawa m'mphuno, loposa la labala, ndipo ukaima nkutsika umalimva likuchokera ku matayala osati ku boneti. Choopsa kwenikweni si fungolo ayi. Kutentha kuja kukafika ku brake fluid, mafuta aja a mabuleki, amawira, makamaka ngati ndi wakalekale poti amayamwa chinyontho, ndipo akawira pedulo imangolowa pansi ngati waponda siponji, galimoto osaima. Brake fluid watsopano wa mtundu wa DOT 3 amayenera kupirira madigiri 205, DOT 4 madigiri 230, koma wokhalitsa amawira msanga kuposa pamenepo, nchifukwa chake amati tizisintha pakatha zaka ziwiri zilizonse. Ndani amasintha kwathu kuno? Timangothira wina pamwamba.

Ndiye chitani izi. Musanayambe kutsika, chotsani giya pa D muyike pa B, kapena L kapena 2 malinga ndi zomwe zalembedwa pa giya yanuyo. Injini ilira kwambiri, musaope, ndiyo ikugwira galimotoyo m'malo mwa mabuleki. Buleki muziponda mwamphamvu pang'ono kenako nkusiya, osati kumangoyikhudza njira yonse. Ndipo zija amachita madalaivala ena a Sienta za matola, kuyika pa N potsika ati kupulumutsa mafuta, musatengere, amenewo akusewera ndi miyoyo ya anthu.

Fungo likabwerabe imani pamalo abwino, dikirani mphindi 20 kapena 30. Osathira madzi pa disiki yotentha, imapindika, kenako sitiyalingi izidzanjenjemera nthawi zonse mukaponda buleki. Yandikitsani dzanja pa limu iliyonse, osagwira, mungapse. Ngati kutsogolo konse kukutentha mofanana ndiye ndi kayendetsedwe basi. Koma ngati tayala limodzi likutentha ngati mbaula anzake ali bwino, caliper, chija chimakankhira ma pad pa disiki, yagwira, sikubwerera, ndipo zimenezi ndi zambiri kuno chifukwa cha matope ndi chinyezi cha chiperoni chija, timapini take timachita dzimbiri. Makaniko atsuke, apake girisi, aone ngati ma pad sanathe. Onaninso handibuleki, kuyenda nayo itagwira pang'ono kumachitika ngakhale kwa ife tinayamba kale kuyendetsafe.

Poti ena owerenga muli ndi mavuto ena, ndinenepo mwachidule. Wa galimoto ya manyuwo amene akumva fungo pokwera chitunda atanyamula katundu, injini ikulira koma liwiro osaonjezekera, imeneyo ndi kilatchi ikuterereka, chotsani phazi pa pedulo mukasintha giya. Fungo la oyilo wopsa ndi kautsi kotuluka m'boneti mukaima, kawirikawiri ndi gasketi ya top cover, chivundikiro cha pamwamba pa injini, ikudonthetsera pa ekizozi. La labala lophatikiza ndi kulira kwa tswiii ndi fani beluti. Lotsekemera ngati shuga wopsa ndi coolant, madzi oziziritsa injini, akudontha, ndipo chonde chitsekero cha rediyeta osatsegula injini ili yotentha. Nthawi zina ndi jumbo chabe yomwe mwaiponda pa msika wa Bvumbwe yakakamira ku ekizozi, imanunkha masiku angapo, mungopala ikazizira.

Limene ndimaliopa ine ndi la pulasitiki, la mawaya. Chaka china ndinkachokera ku Muloza madzulo pa Corolla yanga yakale, ndikuyandikira pa Chitakale ndinamva kafungo ngati munthu wawotcha ndowa ya pulasitiki, kenako kautsi kuyamba kutuluka pansi pa wailesi. Ndinaima pompo, kuzimitsa, kutulutsa mlamu wanga ndi mwana, ndikumasula batire mbali ya negative ndi sipanala ya 10, manja akunjenjemera. M'mawa mwake tinapeza kuti mnyamata amene anandiyikira wailesi fyuzi itapsa sanagule ina, anangokulunga kawaya ka kopa m'malo mwake. Fyuzi ntchito yake ndi kupsa kuti mawaya asapse, ndiye iye anachotsa mlonda yemweyo. Kuchokera tsiku limenelo sipanala ya 10 ndi kachozimitsira moto sizichoka m'galimoto mwanga, ndipo bokosi la mafyuzi ndimatsegula ndekha galimoto ikachokera kwa amagetsi.

Zanu achemwali sizikumveka ngati za mawaya, poti fungo la mawaya silisankha mtsetse. Musanapitenso ku Thekerani pititsani galimotoyo akachotse matayala akutsogolo inu muli pomwepo, muone nokha kukhuthala kwa ma pad, asinthe brake fluid yense osati kungoonjezera. Ulendo wotsatira muyese giya ya B ija kuchokera pa Makwasa, mudzandilembere mmene zayendera.