Akamabowola pansi, mjigo wathu ukhala bwanji?

Funso: Ndine msungichuma wa komiti ya mjigo kuno ku Likhubula, Mulanje. Mwana wanga amachita geni ku Mbeya m'dziko la Tanzania, ndipo akuti ku Rukwa, dera lina la m'dzikomo, akubowola pansi kufuna mpweya wa helium. Kuno nakonso anthu a zamigodi sasowa m'phirimu. Atabwera ndi makina otere, madzi athu sangaipe? Mayi wodandaula.

Yankho: Mayi, mwana wanu sakunama. Mu 2016 akatswiri analengeza kuti ku Rukwa kuli helium wambiri, mpweya wopopera mabaluni womwenso umaziziritsa makina a MRI ounikira m'kati mwa thupi m'zipatala. Wokhawo usakuopseni: sununkha, suyaka, si poizoni.

Chondidetsa nkhawa ine ndi dzenjelo. Mjigo wanu mwina sufika mamita 60, pomwe ofuna helium amatsika kupitirira kilomita, kudutsa madzi amene mumamwa. Pansi kwambiri pamakhala madzi amchere, kawirikawiri otentha. Mapaipi achitsulo akapanda kumatidwa bwino ndi simenti, madzi amenewo amakwera n'kusakanikirana ndi abwino. Palinso matope a mankhwala oziziritsira chobowolera, amene amawasunga m'dziwe pambali. Ndi mvula ya ku Mulanje ija, dziwe losayala pulasitiki lingasefukire usiku umodzi wokha.

Kuno ku Malawi, lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zazikulu zotere ziyambe zaunikidwa, ndipo anthu okhudzidwa afunsidwe maganizo. Pamsonkhanopo musangowomba m'manja. Koma yambani lero: pemphani a ofesi ya zamadzi kwa DC ayeze madzi a mjigowo, pepala la zotsatira mulisunge m'kope lija mumalembamo zopereka za mwezi.