Wosula Zitsulo pa Nkhondo Yapachiweniweni ya ku America

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo kufunsa kuti munthu wosula zitsulo amene analowa usilikali pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ya 1861 mpaka 1865, ya pakati pa zigawo za Kumpoto ndi za Kummwera, ankagwira ntchito yanji, nanga zinkamuyendera bwanji akabwerera kwawo. Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu.

Ntchito yake yaikulu inali yoveka zitsulo kuziboda za akavalo ndi nyulu, pakuti mizinga, chakudya ndi ovulala omwe zinkayenda pa ngolo. Gulu la mizinga isanu ndi umodzi linkafuna akavalo oposa 100, ndipo linkayenda ndi chipala chake cha pa ngolo chokhala ndi mvukuto, malasha ndi chitsulo chosulirapo. Gulu likaima, wosula zitsuloyo ankakoleza moto, n'kupana mwendo wa kavalo pakati pa mawondo ake, kusenga chiboda, kuyesapo chitsulo chotentha, kenako kukhoma misomali mosamala kuti isalase mnofu, poti msomali umodzi ukaphonya kavaloyo ankayamba kutsimphina.

Zitsulo za kuzibodazo nthawi zambiri sankazisula yekha. Mu 1835, Henry Burden wa ku Troy, m'chigawo cha New York, analembetsa makina ake opangira zitsulozi, amene pambuyo pake ankatulutsa 60 pa mphindi imodzi, ndipo asilikali a Kumpoto ankadalira kwambiri fakitale yakeyo. Mmisiri ankangozipinda kuti zikwane chiboda. Kuona kwanga, nkhondo inamupatsa ntchito yochuluka koma inalimbitsanso mafakitale amene anadzamulanda msika.

Atabwerera kwawo anapeza kuti mapulawo akuchokera kwa John Deere ku Moline, ngolo kwa a Studebaker ku South Bend, ndipotu onsewa anayamba ali osula zitsulo ngati iye yemwe. Pang'onopang'ono analeka kupanga zida zatsopano n'kumadalira kukonza zothyoka, kunola mapulawo ndi kuveka akavalo zitsulo.

Paukalamba, thandizo limene ankalandira linkadalira mbali imene anamenyera nkhondo. Wa Kumpoto wolumala kunkhondo ankalandira penshoni ya boma potsatira lamulo la 1862, ndipo lamulo la 1890 linaphatikizanso olephera ntchito yamanja ngakhale kulumalako sikunachokere kunkhondo. Wa Kummwera ankangoyembekezera kangachepe kochokera ku boma la chigawo chake. Pamene galimoto ya Ford Model T inatuluka mu 1908, asilikali akalewo anali nkhalamba, ndipo zina mwa zipala zawo zinasanduka magalaja okonzera magalimoto.