Chitseko cha m'mbali cha HiAce chakana kutseguka: yankho kwa bambo a ku Mufakose

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa bambo ena a ku Mufakose mumzinda wa Harare, omwe amanyamula ndiwo zamasamba ku msika wa Mbare Musika pa Toyota HiAce yakale. Iwo akuti chitseko cha m'mbali, chija chimayenda panjanji, chakana kutseguka. Chogwirira chakunja chikungobwera chopanda mphamvu, chamkati chalimba gwa, pomwe kiyi akuzungulira bwinobwino. Funso lawo nlakuti kodi agule loko watsopano.

Bambo, musagule kaye loko, ndiponso musalowetse chitsulo m'mphepete mwa chitseko kuti muchikanule, chifukwa chitseko chopindika chimadya ndalama zambiri kuposa loko. Zimene mwafotokozazi zikundionetsa mavuto awiri osiyana. Chogwirira chilichonse chimalumikizidwa kwa loko ndi kandodo kachitsulo kapena waya, ndipo kandodoko kamagwidwa ndi kapulasitiki kakang'ono kamene kamauma nkuthyoka galimoto ikakalamba. Chakunja chikamabwera chopanda mphamvu, ndiye kuti kandodo kake kasolokoka. Koma kulimba kwa chamkati kukutanthauza kuti loko wapanikizika, ndipo kawirikawiri izi zimachitika chitseko chikatsika chakumbuyo nkulemerera chitsulo chapathupi la galimoto chimene loko amaluma.

Imikani galimoto pamalo osapendekeka ndipo mupeze wokuthandizani. Iye aime kunja, akankhire chitseko mkati kwinaku akuchinyamula pang'ono chakumbuyo, inu mukukoka chogwirira chamkati mosagwiritsa ntchito mphamvu zambiri. Kulemera kukachoka pa loko, zitseko zambiri zimatseguka pomwepo. Chikakanabe, chotsani chikuto chamkati cha chitseko, zomwe zimatheka ngakhale chili chotseka, ngakhale kuti m'mphepete mumafunika kuleza mtima. Walitsani tochi, tsatirani tindodo mpaka kwa loko, mupopere mafuta omasula dzimbiri a WD-40, mudikire mphindi ngati 15, kenaka mukoke ndi pulayala kachitsulo kamene kandodo kakunja kanasolokokapo. Onetsetsani kuti kabatani kokhomera chitseko kali potsegula, apo ayi mudzakoka pachabe.

Chitseko chikatseguka mpamene ntchito yeniyeni imayambira, ndipo apa mpamene ambiri amafupikitsa. WD-40 amamasula dzimbiri koma sakhalitsa. Tsukani loko ndi palafini ndi mswachi wakale, mumuumitse, kenaka mupake girizi woyera wa lithium mopyapyala. Ndikunenetsa za kupyapyalako chifukwa fumbi la muno mu Harare, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, likasakanikirana ndi girizi wambiri limasanduka phala lolimba, ndipo mvula ikayamba mu Novembala dzimbiri limawonjezera pomwepo. Mukatero muyese loko chitseko chili chotsegula: kankhani sikuludiraiva m'kamwa mwake, mumve kulira kawiri, kenaka mukoke chogwirira. Akamasula msanga, loko wanu ali bwino. Musaiwale kumumasula musanatseke chitseko.

Tsopano yang'anani timawilo timene timayendetsa chitsekocho, tomwe tili pamwamba, pakati ndi pansi. Gwirani chitseko chakumbuyo nkuchinyamula. Chikamagwedera, timawilo tatha, ndipo kaŵirikaŵiri kamayamba kutha ndi kapakati, kamene kamasenza mbali yakumbuyo. Ine ndimaona kuti pamagalimoto onyamula katundu ngati yanuyi, imene imatsegulidwa nkumenyetsedwa kambirimbiri patsiku, gwero la vuto limakhala pamenepa, ndipo loko watsopano amene mungaike pachitseko chotsika adzapanikizika chimodzimodzi. Sesani njanji yapansi, pakuti dothi la mbatata ndi timiyala timadzaza mmenemo. Ngati pangafunike kusuntha chitsulo cholumidwa ndi loko, muyambe mwalemba mzere pomwe chinali, kuti mukalakwitsa mubwerere pomwepo.

Tipulasitiki ndi timawilo mukatifunse m'mashopu a zipangizo zamagalimoto mumsewu wa Kaguvi, kapena kumsika wa Siyaso ku Magaba ngati mukufuna zogwirapo kale ntchito. Mupite ndi zakalezo m'manja, chifukwa ma HiAce a zaka zosiyana sagwiritsa ntchito zipangizo zofanana. Pomwe mukudikira kukonza, musayende ndi chitseko chomangidwa ndi chingwe muli ndi anthu kumbuyo. Mukapeza kuti dzino la loko lathyoka kapena sipuling'i yake yaduka, pamenepo ndiye mugule wina, ndipo mumuyese ndi sikuludiraiva musanapereke ndalama.