Musaimbe mlandu Ras, yang'anani kaye botolo la buffer

Achimwene, nditangowerenga zimene munalemba zoti poyeza puloteni ya Ras, malachite green (reagent imene imabiriwira ikakumana ndi phosphate yomasuka) ikubiriwira m'ma well (timaenje ta pa mbale yoyezera) onse, ngakhale opanda puloteni, mtima unangoti myu. Ine zomwezi zinandidyera miyezi iwiri.

Ndinkayeza mmene KRAS, puloteni ya m'banja la Ras, imaswera GTP, kamolekyu ka ma phosphate atatu kamene Ras ikakagwira imakhala yoyaka ngati switch. Payokhatu ndi yaulesi, kuti idule phosphate yakumapeto ija n'kutsala ndi GDP pamapita mphindi makumi angapo. Koma ikabwera GAP, puloteni yoifulumizitsa, n'kupisa arginine (amino acid) yake pamene pagona GTP, Gln61 (amino acid ya nambala 61 ya KRAS) n'kuimika madzi pamalo pake, liwiro limakwera pafupifupi ka 100,000. Ndiye ndinkayembekeza zachidziwikire: KRAS yokha pang'onopang'ono, yokhala ndi GAP msangamsanga, G12V (KRAS yosinthika, yokhala ndi valine m'malo mwa glycine pa nambala 12) osasuntha olo GAP ichuluke bwanji, poti valine wa pa 12 amatchinga njira ya arginine ija. N'chifukwa chake yotereyi imangokhala yoyaka m'maselo a khansa.

Tsiku lake silichoka m'mutu. Inali cha m'ma 10 koloko usiku, ndili ndekha mu labu. Reagent ija imakhala yachikasu, eti? Ndinangothira mzere woyamba, ndisanafike wachitatu woyamba uja unali utabiriwira kale. Ndinapitiriza dala, manja akunjenjemera, ndikudzinamiza kuti mwina blank, well yopanda puloteni, ikhala bwino. Ayi ndithu, ma well onse 96 biriwiri! Pa 620 nm makina ankangolemba manambala osefukira. Puloteni imene ndinaivutikira masabata atatu kuiyeretsa kuchokera mu bakiteriya wa E. coli, kachubu komaliza kanali katathera mmenemo. Ndinavula magolovesi n'kukhala pansi penipeni, kutsamira firiji.

M'mawa mwake pamsonkhano wa labu, abwana athu anangoyang'ana graph kamodzi n'kunena pamaso pa onse kuti mwina vuto ndi manja angawa. Osafunsa n'komwe kuti ndinagwiritsa ntchito chiyani. Mnzathu wina anali pomwepo, ali phee, akusewera ndi foni. Ndinabwereza zonse kawiri, kawiri konse zobiriwira. Amene anandipulumutsa ndi mayi wina, technician wathu, yemwe anangofunsa kuti, "Buffer ya dialysis mwaitenga botolo liti?" Buffer ndi madzi osakaniza amene puloteni imakhalamo. Botolo linalembedwa HEPES, buffer yopanda phosphate, koma mnzathu uja anatsanuliramo buffer ina yotchedwa PBS osasintha cholembapo. PBS ili ndi phosphate pafupifupi 10 mM, pomwe malachite green imaona ngakhale ma micromolar ochepa chabe. Ndinkasakasaka dontho m'nyanja. Mpaka lero sanapepese, ndipo abwana aja nkhaniyo anangoikwirira ngati palibe chimene anandinena.

Ndiye inu chitani chonchi. Tengani chilichonse pachokha, madzi, buffer, GTP, puloteni, muthire reagent muone chimene chikubiriwira. GTP yomweyo muikayikire, ikamasungunulidwa n'kuumitsidwanso kambirimbiri imasweka yokha n'kutulutsa phosphate, choncho igaweni m'timachubu ting'onoting'ono. Sopo wina wotsukira magalasi alinso ndi phosphate. Buffer konzani nokha, Tris kapena HEPES, botolo la munthu wina losayesedwa osalikhulupirira olo mutagwirizana chotani.

Zimenezi zikatheka mukumananso ndi china chimene palibe anandiuza. Ras yochokera mu E. coli imabwera itakumbatira kale GDP, ndipo imaigwira mwamphamvu zedi, pa mlingo wa picomolar. Mukangothira GTP pamwamba n'kudikira, mukhala mukuyeza kuchedwa kwa GDP kuchoka, osati kusweka kwa GTP. Thirani mankhwala a EDTA achotse Mg2+ (magnesium imene imathandiza Ras kugwira GDP), ikani GTP yochuluka, kenako bwezerani MgCl2 yoposa EDTA ija kuti itsekere GTP m'kati. Kapena ikanimo GEF, puloteni yothandiza kuti GDP ichoke, ngati SOS. Pa control gwiritsani ntchito GppNHp, yofanana ndi GTP koma imene sisweka.

Komanso musadzipanikize kuchita zonse nokha ngati ine, ngati simukonza buffer nokha pitani kwa technician wanu akupatseni buffer yake yoyesedwa kale, anthu amenewa amadziwa botolo lililonse la mu labu. Kunena zoona ndikanayambiranso lero malachite green yo sindikanaikhudza, ndikanapita pa HPLC, makina olekanitsa mamolekyu, n'kumaona GDP ndi GTP ndi maso. Koma poti mwayamba kale, pitirizani. Tumizani kuno manambala a blank yanu, ya madzi okha ndi ya buffer yokha, tione.