Nyerere zimaidziwa bwanji njira yobwerera ku una?

Mlimi wina wafunsa kuti: "Alangizi, nyerere zadzaza pa mitengo yanga ya malalanje. Ndikasesa mzere wake, m'mawa ndimazipeza pomwepo. Kodi njirayi zimaidziwa bwanji?"

Bambo, nyerere zambiri zimene timaona m'minda mwathu zimayenda ndi fungo. Imodzi ikapeza chakudya, pobwerera imapaka fungo pansi, zinzake n'kumalondola. Tsache limangochotsa nyerere, fungo limatsala.

Koma si zonse zimatero. M'chipululu cha Sahara, cha ku Tunisia, muli nyerere zotchedwa Cataglyphis. Kumeneko nthaka imatentha ngati chiwaya, ndipo nyererezi sizidalira mzere wa fungo. Iliyonse imatuluka yokha masana, kukhotakhota posaka tizilombo tofa ndi dzuwa, koma ikapeza ndiwo imabwerera chindunji ku una. Mbali yolowera imaidziwa poona dzuwa ndi kuwala kwa kumwamba; kutalika kwa ulendo imakuyesa ndi mapazi. Mu 2006 akatswiri a sayansi Matthias Wittlinger, Rüdiger Wehner ndi Harald Wolf anasonyeza zimenezi. Nyerere zitafika pa chakudya, zina anazimata ubweya wa nkhumba kumiyendo kuti italike, zina anazifupikitsa miyendo. Zamiyendo yaitali zinapitirira pamene panayenera kukhala una, zamiyendo yaifupi zinayamba kuufunafuna zisanafike. Ine nkhaniyi imandigwira mtima nthawi zonse, kachilombo kochepa chonchi kusunga masamu m'mutu!

Tibwerere ku malalanje anu. Tembenuzani masamba anthete kunsonga. Mukapeza nsabwe za zomera zitaunjikana, tsamba likumata m'zala kapena lada ngati mwaye, dziwani kuti nyerere zikutsata madzi otsekemera amene nsabwezo zimatulutsa, ndipo zimaziteteza kwa tizilombo tozidya. Thanani ndi nsabwe poyamba: poperani madzi a sopo pang'ono madzulo, kunsi kwa masamba. Tsukani tsinde kuti fungo lichoke, ndipo dulani nthambi zokhudza pansi, chifukwa zimenezo ndi milatho yawo.

Chonde musathire mankhwala pa una uliwonse umene mwauona. M'chimanga nyerere zimagwira mbozi za ntchemberezandonda zikadali zazing'ono, n'chifukwa chake alimi ena amawaza msuzi wa usipa pamchombo wa chimanga kuti aziitane. Ikafika imodzi n'kupeza mbozi, fungo lomwe likukuvutitsani pa malalanje lija ndi limene liitane zinzake.