Kodi kutentha kwa makina oswera mazira kungakupatseni misoti yambiri?

Mayi ena a ku Mufakose, dera la mumzinda wa Harare, atilembera imelo. Akuti achimwene awo anagwirapo ntchito pafamu ya ng'ona ku Kariba, ndipo anawauza kuti kumeneko kutentha ndi kumene kumachititsa kuti ana a ng'ona akhale aamuna kapena aakazi. Ndiye akufunsa ngati nawonso angasinthe kutentha kwa makina awo kuti aziswa misoti yambiri kuposa atambala.

Mayi, achimwene anuwo sananame, koma zimenezo ndi za ng'ona. Mazira a ng'ona amakhala masiku pafupifupi 90. Akasungidwa pa madigiri 30 amatulutsa zazikazi, pomwe pa 32 mpaka 33 zambiri zimakhala zazimuna. Komanso satembenuzidwa, chifukwa mwana amamatirira kumtunda kwa chigoba, ndipo mukalizunguza dziralo amafa. N'chifukwa chake otolera amalemba chizindikiro pamwamba asanalinyamule.

Nkhuku ndi nkhani ina. Zoti mwanapiye adzakhala tambala kapena msoti zimakhala zitatheka kale m'mimba mwa thadzi, dzira lisanaikiridwe n'komwe. Mukasewera ndi kutentha mungopha anapiye basi.

Makina okhala ndi fani muziwasunga pa madigiri 37.5. Akamatentha kuposa pamenepo anapiye amaswa msanga, tsiku la 19 kapena 20, ali ang'onoang'ono, michombo isanatsekeke, ena zala zopindika. Akapitirira 40 kwa maola angapo, anapiye ambiri amafera m'kati mwa mazira. Kuzizira pang'ono n'kwabwinoko, kumangochedwetsa kuswa kupitirira masiku 21. Choncho magetsi akazima musayike mbaula pafupi. Fundikani makinawo bulangete, kusiya timabowo ta mpweya tosatseka, ndipo musamatsegule.

Chimene chimagwetsa ambiri kuno ku Harare ndi chinyezi, makamaka mu Seputembala ndi Okutobala mpweya ukauma gwa. Masiku 18 oyamba chikhale pa 50 mpaka 55 peresenti, kenako muchikweze chifike 65 mpaka 70. Chikachepa, kachikopa ka m'kati mwa chigoba kamauma n'kumata mwanapiye. Mumaona kamlomo katatulukira pabowo, akulira, koma osatha kuzungulira kuti aswe. Chikachuluka masiku oyambawo, dzira silitaya madzi okwanira, malo a mpweya kumbali yaikulu ija amakhala aang'ono, ndipo mwanapiye amatsamwa ndi madzi akayamba kupuma. Njira yodalirika ndi sikelo: pofika tsiku la 18, dzira la magalamu 60 liyenera kukhala litapepuka ndi magalamu pafupifupi 7.

Kutembenuza kuzichitika katatu kapena kasanu patsiku, mpaka tsiku la 18. Pa tsiku la 7 walitsani dzira lililonse ndi tochi mumdima. Lamoyo limaonetsa timitsempha tofiira ngati ukonde wa kangaude, ndipo loyera mbee lichotseni lisanasukuse.

Ngati mukufunadi misoti yokhayokha, gulani anapiye a tsiku limodzi osankhidwa kale. Atambala amene mwaswa nokhawo aleleni, pa Khirisimasi sasowa msika.